Mababu a LED m'shopu yanga yosokera: ndemanga patatha miyezi 14

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ndine telala, ndili ndi kashopu ka zipinda ziwiri, makina atatu ndi anyamata awiri ondithandiza. Ndisaname, pamene ndinkagula mababuwa zoteteza chilengedwe sizinali m'mutu mwanga. Chinkandiwawa ndi mayunitsi a magetsi, omwe ankangotha ngati madzi otungira m'dengu.

Tinali ndi mababu 8 akale aja okhala ndi kawaya mkati, lililonse la 60W. Ndinawachotsa onse n'kuika a LED a 9W, ndipo kuwala kwake n'chimodzimodzi, pafupifupi ma lumen 800 (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) pa babu. Babu lakale limawononga pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu yake potulutsa kutentha chabe, n'chifukwa chake mnyamata wanga wa makina apakona ankakhalira kupukuta thukuta pansi pa babu lolendewera lija. Panopa anasiya kudandaula. Masamu ake ndi awa: akale onse pamodzi ankakoka 480W, ndiye pa maola 10 ankadya mayunitsi 4.8. Atsopanowa amakoka 72W, tsiku lonse sakwanitsa n'komwe yunitsi imodzi.

Koma anzanga osoka, apa tcherani khutu. Ulendo woyamba ndinangotola otchipa, oyera mbee, olembedwa 6500K (nambala ya K imasonyeza mtundu wa kuwala, ikakwera kuwala kumayera kwambiri). Kulowetsa ulusi pasingano kunali kosavuta, ndinasangalala. Kenaka mayi wina anabweretsa diresi lofiirira kuti ndilipinde m'munsi. Ulusi womwe ndinasankha unkaoneka wofanana ndendende ndi nsalu. Atatuluka nalo padzuwa, msoko wonse unangoti nga, wosiyana mtundu. Ndinachita manyazi, ndinasomola n'kuyambiranso osalipiritsa. M'pamene wokonza magetsi anandionetsa kanambala kotchedwa CRI, kosonyeza mmene babu limaonetsera mitundu molondola (kakayandikira 100 ndiye bwino). Pakatoni ya otchipa aja panalibe n'komwe. Pamwamba pa tebulo lodulira nsalu ndinaikapo awiri a CRI 90, a 4000K, ndipo buluu wodera sakusokonezekanso ndi wakuda. Oyera mbee aja ndinawasamutsira kukhonde ndi kuchipinda chosungira katundu, kumene mtundu ulibe ntchito.

Nyenyezi imodzi ndawachotsera chifukwa awiri anapsa pasanathe miyezi isanu, pomwe katoni inalonjeza maola 15,000 (akale aja sankapitirira kwenikweni maola 1,000). Onse awiri anali m'zotchingira zagalasi zotsekeka. Nkhani yake njakuti tizipangizo tam'tsinde mwa babu la LED sitigwirizana ndi kutentha, ndiye mpweya ukapanda kuyenda limafa msanga. Bwanji osalemba zimenezi ndi zilembo zazikulu? Nditachotsa zotchingirazo, palibe lomwe lapsanso.

China chondinyansa n'chakuti wogulitsa salandira mababu akufa. N'zoona kuti mulibe mercury ngati opotana aja a CFL, komabe muli tizitsulo ndi pulasitiki zosayenera kungoponyedwa kudzala. Awiriwo ali m'kabati, pambali pa mabatani akale, kudikira kuti ndipeze kumene amatolera zinyalala za zamagetsi.

Chomwe sindinkayembekezera n'chakuti mababuwa anandiululira wakuba weniweni. Nditayamba kuwerenga ma watt pa chilichonse m'shopumo, ndinapeza kuti ayironi yathu ndi ya 1,500W. Ikamakoka mphamvu kwa ola limodzi lathunthu imadya kuwirikiza kawiri zomwe mababu onse 8 a LED amadya tsiku lonse, ndipo ife tinkaisiya yoyaka kuyambira m'mawa "kuti isazizire". Tsopano zovala zomalizidwa timaziunjika n'kusita kamodzi madzulo, kupatula misoko yofunika kupsinja pomwepo. Anyamata anang'ung'udza sabata yoyamba, mmodzi mpaka pano amaiwalabe kuizula pasoketi, ndiye ndinamata kapepala pachitseko.