Subversion, Mercurial kapena Git: zimene tinataya posamutsa pulojekiti yathu

Anzanga amene timalemba nawo mapulogalamu a open source, amene code yake ndi yotseguka kwa aliyense, akhala akundifunsa ngati pulojekiti imene yakhalitsa pa Subversion ndi yoyenera kuisamutsira ku Git kapena ku Mercurial. Zitatu zonsezi ndi zida zosungira mbiri ya kusintha kulikonse kwa code ya pulogalamu. Ndaganiza zoyankha kamodzi, chifukwa ntchito imeneyi ndinaigwirapo ndipo chilonda chake sichinapole.

Kutsalira pa Subversion sindingamulangize munthu. Commit iliyonse, kutanthauza kulowetsa zimene mwasintha m'mbiri ya pulojekiti, imafuna kuti mulumikizane ndi seva, kompyuta imene imasunga mbiriyo, choncho intaneti ikadula kapena bandulo ikatha, zimene mwalemba tsiku lonse zimangokhala zosalowa m'mbiri ya pulojekiti. Git ndi Mercurial, zomwe zinayamba mu Epulo 2005 olemba Linux atasiya kuloledwa kugwiritsa ntchito mwaulere BitKeeper, chida chimene ankasungira mbiri ya code yawo, zimasunga mbiri yonse pa kompyuta ya munthu aliyense, ndipo pamenepa ziwirizi sizisiyana.

Mtima wanga uli pa Mercurial, sindibisa. Malamulo ake ndi osavuta kuphunzitsa munthu watsopano, komanso sakulolani kufufuta mbiri mwangozi. Vuto ndi lakuti anthu akuithawa. Pulojekiti ya Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, inasamukira ku Mercurial mu 2011 koma inachokako mu 2017 kupita ku Git, OpenJDK, pulojekiti ya chilankhulo cha Java, inatsatira mu 2020, chaka chomwecho webusaiti yosungirapo code ya Bitbucket inasiya kusunga mapulojekiti a Mercurial, ndipo mu 2023 Mozilla inalengeza kuti Firefox nayo ikupita ku Git. Pulojekiti yodalira anthu ongodzipereka singauze munthu wobweretsa thandizo kuti ayambe waphunzira chida china. N'chifukwa chake ife tinasankha Git, ngakhale kuti ine ndinavomera monyinyirika.

Chimene palibe anatichenjeza ndi nkhani ya manambala. Subversion imapatsa kusintha kulikonse nambala yotsatana, monga r812 kenako r813, ndipo kwa zaka zambiri tinkalemba manambala amenewa m'malipoti a zolakwika ndi m'ndemanga za m'kati mwa code: “takonza mu r812”. Git ilibe manambala otere, imagwiritsa ntchito hash, chizindikiro cha commit iliyonse chokhala ndi zilembo ndi manambala 40. Chida cha git svn, chimene chimasamutsa mbiri kuchoka ku Subversion kupita ku Git, chimasiya mzere wa git-svn-id pansi pa uthenga wa commit iliyonse kuti nambala yakale isasowe, koma ine, pofuna kuti mbiri ioneke yaukhondo, ndinawonjezera --no-metadata, ndipo mizere ija sinalembedwe. Tinazimitsa seva yakale tili osangalala.

Patapita miyezi ingapo cholakwika china chakale chinabwereranso. Lipoti lake linali ndi mawu awiri okha othandiza, nambala ya r ndi dzina lachidule la amene anakonza. Ndinakhala usiku wonse ndikufananiza masiku a malipoti ndi masiku a ma commit, kutsegula imodziimodzi, pa chinthu chimene kale ndikanachipeza ndi lamulo limodzi la svn log. Maina nawo anali atasokonekera, popeza Subversion imasunga dzina lolowera lokha pamene Git imafuna dzina ndi imelo, ndipo fayilo yathu ya --authors-file, yogwirizanitsa dzina lolowera lililonse ndi dzina ndi imelo ya mwini wake, tinailemba mothamanga, moti ntchito ya mnzathu wina amene anasiya kalekale inalembedwa m'dzina la munthu wina. Zimenezi zimandiwawa kuposa za manambala, chifukwa mu open source malipiro a munthu ndi dzina lake pa zimene analemba. Kukonza kukanafuna kulembanso mbiri yonse, zomwe zikanasintha hash iliyonse kwa aliyense amene anali atakopera kale pulojekitiyo.

Za svn:ignore (mndandanda wa mafayilo oti Subversion isawalabadire) ndi mafoda opanda kanthu, amene Git siwasunga, ndi zokonza tsiku limodzi.

Choncho pitani ku Git, koma musachotse git-svn-id, mndandanda wa maina auone anthu awiri musanayambe, ndipo seva ya Subversion muisiye yoti anthu aziwerenga kwa chaka chathunthu musanaizimitse.