Miyezi 9 chikonzereni AC yomwe inkakana kuzima

Mu Okutobala chaka chatha kagalimoto kanga kanandionetsa zakuda. Ndi ka ku Japan, ka 2009, injini ya 1.3, otomatiki, kanalowera ku Dar es Salaam n'kudzera pa Songwe monga ambiri omwe adzadza m'misewu ya Zomba. Vuto linali la AC, makina oziziritsa m'kati mwa galimoto: kompuresa, yomwe imapopa gasi woziziritsa, inkangozungulira osapuma, kaya batani ndayatsa kaya ndazimitsa. Pano tili mu Julayi. Ndayenda nako padzuwa, pamvula ndi pachisanu, ndiye ndingathe kunena chomwe chinachiza, zomwe zinangondidyera ndalama, ndi chimodzi chomwe chinabwereranso.

Zinayamba mobisala. Ndikaima pafupi ndi msika waukulu, injini inkanjenjemera ngati ikufuna kuzima. Mafuta omwe ankandifikitsa Lachisanu, kuchoka ku Matawale kupita kuntchito m'tauni ndi kubwerera, ankatha Lachinayi, ine n'kumada omwetsa petulo osalakwa. Tsiku lina popita ku Blantyre mphepo inali yozizira bwinobwino mpaka pa Namadzi, koma pofika pa Njuli fani inkangosokosera, m'zibowo osatuluka kanthu. Nditaima ku Limbe, pansi pa galimoto panachita chithaphwi ngati wina watayapo ndowa.

Chomwe chinandidzutsa kutulo ndi batire. Kawiri m'sabata imodzi ndinadzuka m'mawa, kutembenuza kiyi, zii. Otomatiki sakankha, choncho ndinkakagogoda kwa aneba anga asanasambe n'komwe, kupempha zingwe zojampira. Makaniko woyamba anangogwira paipi imodzi n'kuti, "Gasi watha uyu, bwana," n'kuwonjezera gasi mongoyerekeza, popanda sikelo. Ndinalipira, palibe chinasintha. Wachiwiri anati kompuresa yafa, tiyitanitse ina ku Limbe, ndipo mtengo womwe anatchula unandiumitsa pakamwa. Za batire anati ndi nkhani ina, ndigulenso latsopano. Mayi a kunyumba ndi omwe anandiletsa. Anati, "Bambo, chinthu chakufa chimagwira ntchito usana ndi usiku? Kafunseni kwina."

Kwinako kunali cha ku Chinamwali, kwa bambo wina wachikulire wokonza mawaya a galimoto pansi pa mtengo wa mango. Sanagwire sipanala. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Zimitsani, bwana, kiyi muike m'thumba, mubwere mudzamve nokha." Anatsegula bokosi la mafyuzi lomwe lili pafupi ndi batire, n'kuloza kabokosi kakuda, kochepa kuposa bokosi la machesi. Anakagwira ndi zala ziwiri, kukagwedeza pang'ono, n'kukazula. Pansi penipeni pa injini panamveka kuti tcha! Anakabwezera, tcha! Anakazulanso, tcha!

"Mwamva? Kiyi ili m'thumba mwanu koma kilatchi ikudya moto. Wakubayo ndi ameneyu."

Kabokosiko ndi relay, switchi yomwe imatseka ndi kutsegula njira ya magetsi. Kilatchi yomwe ankanenayo si ya magiya ayi, ndi ya pamphuno pa kompuresa. Lamba wa injini amazunguza pulley, kagudumu ka pamphunopo, nthawi zonse, koma kompuresa imazungulira pokhapokha koyilo ya magineti ikakoka kambale kapakati n'kukamatiza ku pulley. Magetsi opita ku koyiloyo amadzera mu relay, ndipo relay imamvera kompyuta ya galimoto. Kompyutayo ili ndi akazitape ake: kachipangizo komva kuzizira pa evaporator (chitsulo chozizira chomwe mphepo imadutsamo isanatuluke m'zibowo) kuseri kwa dashibodi, komwe kamaimitsa kompuresa madzi atatsala pang'ono kuundana, ndi switchi ya pulesha pa paipi ya gasi. Mwa ine zonsezi zinali zamoyo, zinkalamula kuti imani, koma timano ta m'kati mwa relay tinali titawotcherana ndi moto womwe umathetheka pakutseka ndi kutsegula kwa zaka zambiri. Lamulo linkathera panjira.

Apa m'pamene zonse zinalumikizana m'mutu mwanga. Evaporator inkazizira mpaka kukutidwa ndi ayezi, mphepo n'kusowa podutsa, ayeziyo n'kudzasungunuka nditaima ku Limbe. Injini inkanjenjemera chifukwa inkasenza katundu yemwe kompyuta sinkamudziwa, ndiye sinkawonjezera mphamvu poima. Batire nalo: koyilo ija imakoka ma amp 3 kapena 4, ndipo pa galimoto yanga relay imeneyi imalandira moto molunjika kuchoka ku batire ngakhale kiyi palibe. Ma amp 3 kwa maola 12 ndi ma amp-hour 36, pamene kabatire ka galimoto zazing'onozi kamasunga cha m'ma 35. Kukacha kalibe kanthu.

Bambo aja sanathamangire kunena kuti zatha. Analiza injini relay atazula, n'kundionetsa kuti pulley ikuzungulira koma kambale kapakati kaima. Kakanapitiriza kuzungulira, ndiye kuti kilatchi yokhayo yagwirana kapena pali waya wina womwe ukuba moto, ndipo relay yatsopano sikanathandiza. Anayeza koyilo ndi mita, inaonetsa ma ohm 3 ndi theka, n'kuti ili bwino. Koyilo yoyamba kupsa imaonetsa ochepa, imakoka moto wambiri, ndipo imawotcha relay iliyonse yomwe mungaike. Pomaliza anabwereka relay ina yofanana nayo m'bokosi lomwelo n'kuyiika pamalopo. Kudina batani, tcha, kompuresa yayamba. Kuzimitsa, yaima. Ntchito yonse sinakwane theka la ola.

Gasi ndiye anali atasokonekera kale. Ndinakumbukira kuti masana ena ndili pamzere wa mafuta panamveka psii, n'kutuluka kautsi koyera pansi pa boneti, ine n'kumati ndi radiator. Bambowo anati ayi. AC ikakhala yozimitsa, mafani akutsogolo sayaka kuti aziziritse condenser, yomwe imataya kutentha kwa gasi, koma kompuresa yanga inkapopabe. Pulesha inakwera mpaka valavu yotetezera inalavula gasi kunja. Pamwamba pa zimenezo makaniko uja anathiramo wina wosayeza. Ananditumiza kwa mnyamata yemwe ali ndi makina ake, amene anachotsa gasi yense, kukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi, kudikira kuti aone ngati pena pakudontha, kenako n'kuthira gasi wa mtundu wa R134a pasikelo molingana ndi sitika ya pansi pa boneti, pafupifupi magalamu 400 kwa yanga. Pa ndalama zonse zomwe ndinawononga pa AC imeneyi, za gasi woyezazi ndi zomwe sindidandaula nazo. Mpaka lero sindinawonjezerepo.

Novembala anali wokoma. Injini inasiya kunjenjemera, mafuta anayambanso kufika Lachisanu, ndipo khutu langa linaphunzira kanyimbo katsopano: tcha, mafani n'kuyamba, pakapita kanthawi n'kukhala chete, kenako tcha. Munthu ukalumidwapo umaopa ndi chingwe chomwe, choncho ndinkamvetsera kwambiri kuposa wailesi.

Mantha oyamba anabwera ku Liwonde. Ndinasiya galimoto padzuwa pafupi ndi mlatho wa Shire kwa maola awiri, m'kati munachita ngati uvuni wa sikono. Pobwerera kompuresa inangogwira osasiya, mtima unagunda kuti zayambiranso. Ndinapatuka, kudina batani kuzimitsa, inaima pompo. Kunalibe vuto. Kukatentha choncho, fani ili pamwamba, evaporator siifika pozizira poti iimitsidwe, ndiye kompuresa imapitirira. Titayamba kukwera cha ku Malosa inayambanso kupuma. Kuyesa kwake n'kumeneko basi: kodi ikumvera batani?

Achiwiri anabwera ndi mvula ya Disembala. Galasi lakutsogolo litachita nthunzi, ndinapotoza kuti mphepo ipite kugalasi, ndipo ndinamva tcha ngakhale AC sindinayatse. Ndinaimbira bambo a ku Chinamwali. Anaseka kaye, kenako anati galimoto zambiri zimayatsa kompuresa zokha mukasankha zagalasi, chifukwa mpweya wodutsa pa evaporator umataya chinyezi ndipo galasi limayera msanga. M'mvula ya ku Zomba, yomwe imatsika paphiri ngati yatumidwa, chinthu chimenechi n'chothandiza zedi, ndipo tsopano ndimachigwiritsa ntchito mwadala.

Koma mu Januwale zinabwereradi. Relay yomwe ndinaika mu Okutobala ndinaigula mushopu ina ya zipangizo m'tauni muno, yotchipa, yopanda ndi dzina lomwe pakabokosi, yopepuka ngati mulibe kanthu. Bambo aja anali atanena kuti izi n'zongodikirira, ine ndinanyalanyaza. Usiku wina nditazimitsa galimoto pakhomo, sindinamve kilatchi ikusiya. Ndinatenga tochi ya foni, kutsegula bokosi, kuzula relay, tcha! Miyezi itatu yokha. Ulendo uno batire silinagone ndi wakuba, ndipo m'mawa ndinapita kuntchito relay ili m'thumba, mawindo otsegula. Galimoto imayenda bwinobwino popanda relay imeneyi, kungoti simuzizira. Loweruka ndinapita ku Limbe kwa ogulitsa zipangizo zochotsa m'galimoto zowonongeka, ndinatenga yakaleyo m'manja, n'kupeza ziwiri zenizeni za ku Japan. Musamangoona kukula: werengani timiyendo, yerekezerani kachithunzi ka pambali ndi nambala, chifukwa zina zimafanana kunja koma m'kati zinalumikizidwa mosiyana. Yogwiritsidwa kale ntchitoyo yatha miyezi 6 tsopano osadandaula. Yotchipa ija sindingaiikenso ngakhale pa hutala.

Chilonda chomwe chinatsala ndi batire. Batire la galimoto silikonda kuphwa mpaka pansi, ndipo langa linaphwa kangapo ndisanapeze vuto. Linakakamira mpaka Febuluwale, kenako linayamba kulephera m'mawa ngakhale popanda chokuba moto. Ndinagula latsopano, ndipo ndalama zake zinaposa za ma relay onse atatu kuphatikiza ndi malipiro a bambo a ku Chinamwali. Sabata zomwe ndinkazungulira kwa amakaniko ndi zomwe zinalipha.

Nkhaniyi itamveka kuntchito, mnzanga wina anabwera ndi galimoto yake ya ku Europe akuti nayenso kompuresa sikuima. Tinatsegula boneti, pakati pa pulley pakuzunguliradi, AC yozimitsa. Ndinatsala pang'ono kudzionetsa ukatswiri, mwamwayi ndinamutumiza kwa bambo aja. Yakeyo ilibe kilatchi n'komwe. Ndi mtundu womwe umazungulira nthawi zonse, koma valavu ya m'kati ndi yomwe imachulukitsa kapena kuchepetsa kapopedwe ka gasi. Galimoto zambiri zatsopano zili choncho, ndipo simudzamva tcha ngakhale mutagona pansi pake. Anabwerako osalipira kalikonse.

Mwezi wathawu ndinakwera ku Chawe ndi ana, kunja kuli chiperoni, magalasi akuchita nthunzi pakona iliyonse. Pamtunda waukulu ukaponda mafuta kwambiri kompyuta imaimitsa kaye kompuresa kuti injini ikoke, chinthu chomwe sichinkatheka relay itamatirira, ndipo kagalimoto kanakwera mopepuka kusiyana ndi chaka chatha. M'nyengo yozizirayi ndimayatsabe AC kwa mphindi 10 sabata iliyonse kuti oyilo azungulire ndi gasi, timphira tisaume.

Chatsala chimodzi. Kuyambira mu Meyi, m'mawa injini isanatenthe, pa pulley pamamveka kaphokoso kouma komwe kamatha AC ikayaka. Bambo a ku Chinamwali amvetsera ndi sikuludiraiva yaitali atayika kukhutu, akuti ndi bearing ya pulley, ndipo imasinthidwa payokha osatsegula gasi. Tagwirizana kuti tiichite mu Ogasiti, dzuwa la Okutobala lisanafike. Relay yachiwiri ija ili m'kabokosi kakutsogolo, ndinaikulunga m'pepala la shuga pamodzi ndi mafyuzi awiri.