Chindapusa cha ku France kapena khoti la ku New Jersey: ndani amamangitsadi nyumba zotsika mtengo?

Palibe khonsolo imene imakana kuti anthu opeza zochepa akufunika nyumba. Mkangano umabuka pofika poti zimangidwe kuti. Matauni a anthu ochita bwino amawafuna anamwino, alonda ndi antchito a m'nyumba masana, koma kukada akagone kwina. France ndi New Jersey, dera la ku America, onse anaganiza zogawa mtolowu kuti tauni iliyonse isenzeko, koma anadzera njira zosiyana.

Ya ku France ndi yosavuta kuimva. Lamulo lotchedwa SRU la mu 2000 linati m'madera a mizinda ikuluikulu, tauni ya anthu oposa 3,500 (kufupi ndi Paris, oposa 1,500) ikhale ndi nyumba za lendi yotsika 20 pa nyumba 100 zilizonse. Mu 2013 anakweza kufika pa 25 m'malo ambiri. Tauni yotsalira imadulidwa ndalama chaka ndi chaka, ndipo ikachita makani, préfet, amene tingamuyerekeze ndi DC wakwathu, akhoza kuchulukitsa chindapusacho mpaka kasanu, ngakhalenso kulanda mphamvu zopereka zilolezo zomangira. Ubwino wake ngwoti mlingo ndi umodzi, aliyense atha kuwerengera yekha. Koma tauni yolemera ngati Neuilly-sur-Seine, kumene Nicolas Sarkozy anali meya asanakhale pulezidenti wa France, yakhala zaka zambiri ili kutali ndi mlingowo. Kwa wandalama, chindapusa chimasanduka mtengo wogulira ufulu wokana.

Ya ku New Jersey inabadwira kukhoti. Tauni ya Mount Laurel sinalembe paliponse kuti osauka saloledwa. Inangolamula kuti mapoloti akhale aakulu ndipo pa poloti pakhale nyumba ya banja limodzi, basi, mtengo n'kumawathamangitsa wokha. Mayi Ethel Lawrence ndi anthu akuda anzawo, amene makolo awo anakhalako kuyambira kalekale, anakasuma. Mu 1975 khoti lalikulu la New Jersey linagamula kuti tauni iliyonse imene ikukula ipereke mpata wa gawo lake la nyumba zimene chigawo chonse chikusowa. Apa pali kusiyana kwenikweni ndi France: gawolo silofanana konsekonse, amaliwerengera poona malo, ntchito ndi chuma cha tauniyo.

Makhonsolo anangochita ngati sanamve. Ndiye mu 1983 khoti linaika mano pa chigamulocho. Womanga nyumba aliyense akhoza kusumira tauni yozemba, ndipo akapambana amaloledwa kumanga nyumba zambiri pamalo amene khonsolo inkakaniza, bola zina mwa izo, kawirikawiri imodzi pa zisanu zilizonse, zikhale zotsika mtengo. Ineyo ndimaona kuti nzeru yagona pamenepa. Boma silichita kuyenda tauni ndi tauni. Wabizinesi wofuna phindu ndiye amakhala mlonda wa lamulo, ndipo khonsolo imathamangira kukonza pulani yake poopa kumangiridwa zimene sikufuna.

Nayonso njirayi inabowoka. Lamulo la mu 1985 linalola tauni kulipira mzinda wina kuti uisenzere mpaka theka la gawo lake. Ndalama zinapita ku mizinda yosauka kale monga Newark, Camden ndi Trenton, osaukawo n'kutsala komwe anali. Chizolowezichi anachithetsa mu 2008. Bungwe la boma lotchedwa COAH, limene linkawerengera tauni iliyonse gawo lake, linakhala zaka osatulutsa malamulo ogwira, mpaka mu 2015 khoti linabweza ntchitoyo m'manja mwa oweruza. Kuchedwa kwake n'kowawa: nyumba zotchedwa dzina la Mayi Lawrence ku Mount Laurel zinatsegulidwa mu 2000, iwo atamwalira kale mu 1994.

Mutandipatsa kuti ndisankhe, mlingo ndingatenge wa ku France, chifukwa masamu a ku New Jersey amadyetsa maloya ndi akatswiri kwa zaka nyumba isanaoneke. Chilango chokha ndingatenge cha ku New Jersey, ndipo khomo lolipirira mnzako kuti akusenzere ndingalitseke kuyambira tsiku loyamba. Mu 2024 New Jersey inathetseratu COAH n'kulemba njira yowerengera gawo la tauni iliyonse m'lamulo lenilenilo.