Chipangizo cha GPS cha pa njinga yamoto: Garmin, TomTom, Beeline kapena foni imene tili nayo kale?

Kwa miyezi ingapo tsopano anzanga amene timakwera nawo njinga zamoto kuno ku Harare akhala akundifunsa funso limodzimodzi, ena tikakumana kwa makaniko ku Mbare, ena tikatuluka m'tchalitchi Lamulungu, ena pa WhatsApp usiku: kodi agule chipangizo chiti choti chiziwatsogolera pa msewu? Amafunsa ine chifukwa amaona chimene chili pa handulo ya njinga yanga, komanso amadziwa kuti kawiri pa chaka ndimapita kumudzi ku Thyolo pa njinga, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Ndaganiza zolemba yankho langa pamalo amodzi, ndipo ndineneretu kuti ndili ndi mbali imene ndaima, chifukwa ndinatayapo ndalama pa nkhani imeneyi ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa ambiri safotokoza bwino. Uthenga wochokera ku masetilaiti a GPS ndi waulere, sufuna bandulo, sufuna simu khadi, ndipo sudalira netiweki ya Econet kapena NetOne. Chipangizo chilichonse, chodula kapena chotchipa, chimangomvetsera masetilaitiwo n'kuwerengera pamene chili, ndipo zambiri za masiku ano zimamvetseranso masetilaiti a Galileo a ku Ulaya kapena a GLONASS a ku Russia. Choncho pa nkhani yodziwa pamene mwaima, zonse zimene ndikuyerekeza pano zimagwira ntchito mokwanira. Kusiyana kwenikweni kuli pa mapu amene ali m'kati mwake, pakuti kadontho kosonyeza pamene muli n'kopanda phindu ngati pansi pake sipanajambulidwe msewu.

Zaka zitatu zapitazo ndinagula kachipangizo m'sitolo ina pakati pa tauni, ka kampani imene dzina lake ndinali ndisanalimvepo, koma kooneka kolimba ndithu, ndipo pa katoni yake panalembedwa kuti mapu ake ndi aulere kwa moyo wonse. Wogulitsa anakayatsa pakhomo pa sitoloyo, ndinaona ndi maso anga Samora Machel Avenue ndi msewu wopita ku Bulawayo zikuoneka pa sikirini, ndipo ndinalipira osafunsanso china. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nditafika kunyumba ku Mufakose ndinapeza kadontho kanga kali pamalo oyera opanda msewu ngakhale umodzi, ndipo nditalemba dzina la msewu wathu, kachipangizoko kanayankha kuti malo oterowo kulibe. Kanali kopangidwira msika wa ku Ulaya. Mapu athunthu, aulere kwa moyo wonse aja, anali a mayiko a kumeneko, pamene a kuno anali ongosonyeza misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda, omwe sangathe kukuuzani kuti mukhote pati.

Nditabwerera kusitolo kuja anandiuza mwaulemu kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa, koma kuti mapu a kumwera kwa Africa alipo ogula padera, ndipo mtengo wake unali pafupifupi theka la ndalama imene ndinagulira chipangizocho. Ndinalipira, chifukwa tsiku la chiliza cha malemu bambo anga linali litayandikira ndipo ndinalibe nthawi yofunafuna china. Ulendo umenewo unali woyamba kuti ndiyende msewu wa ku Tete pa njinga. Kale ndinkakwera basi, ndipo munthu wokwera basi sasunga mphambano m'mutu.

Mapu ndinagula padera aja anali akale moti sankadziwa za mlatho wa Kassuende, womwe unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzinda wa Tete, koma zimenezo sizinandivutitse chifukwa ndinawoloka Zambezi pa mlatho wakale wa Samora Machel. Vuto linadza nditadutsa Moatize, pa mphambano pamene msewu wopita ku Calómuè ndi ku Dedza umasiyana ndi wopita ku Zóbuè ndi ku Mwanza. Pa mapu amenewo msewu wa ku Zóbuè unali wodukira pa malire, osalumikizana ndi wa mbali ya Malawi, choncho chipangizocho chinaona kuti njira yokhayo yolowera m'Malawi ndi ya ku Dedza, ndipo chinandikhotetsera kumeneko. Ndinayenda mtunda wautali ndisanazindikire, ndinabwerera mafuta atachepa, ndinafika ku Zóbuè kutada, ndinagona pa boda, ndipo mmawa mwake ndinafika kumudzi mwambo utayamba kale, alongo anga atandidikira mpaka kutopa. Nditabwerako ndinayesa kuikamo mapu ena abwino, koma ndinapeza kuti chipangizocho sichilandira mapu alionse kupatula a kampani yakeyo. Chili m'kabati mpaka lero, chifukwa chikumbumtima sichindilola kuchigulitsa kwa munthu wina.

Kuchokera pamenepo, chipangizo chilichonse ndimachiyeza ndi mafunso awiri: kodi muli mapu athunthu a Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi, ndipo kodi ndingathe kuikamo mapu ena ngati amenewo sakundikwanira?

Pa mafunso amenewa Garmin ndi amene amapambana, ndipo ndi amene ndikugwiritsa ntchito tsopano. Ndili ndi zūmo XT, imene inatuluka mu 2020 ndi sikirini ya mainchesi 5.5, ndipo ku America inkagulitsidwa pafupifupi madola 500 pamene inkatuluka. Mu 2023 kunabwera zūmo XT2 ya sikirini ya mainchesi 6, koma ine sindinaone chifukwa chosinthira. Chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi kabowo ka microSD, kolowetsamo kakhadi kosungira mapu, chifukwa Garmin amalandira mapu ochokera kwina. Ndinaikamo mapu a Tracks4Africa, a kampani ya ku South Africa, amene amapangidwa kuchokera ku njira zimene apaulendo anayendamo ndi GPS zawo, ndipo amasonyeza misewu yafumbi, malo omwetsera mafuta ndi malo ogona. Mapu amenewa ndi ogula, ndipo mphamvu yake ili kutchire ndi pa misewu ya pakati pa mizinda, osati m'malokeshoni. Pa za m'tauni ndinaikamonso mapu aulere ochokera ku OpenStreetMap, amene amajambulidwa ndi anthu wamba odzipereka, ndipo ndinapeza kuti misewu ya ku Mufakose, Highfield ndi Mabvuku ilimo bwino.

Komabe chenjerani, abale anga, pakuti ngakhale Garmin amagulitsidwa ndi mapu a chigawo chimene akugulitsidwira. Ngati mwana wanu amene ali ku London akufuna kukutumizirani zūmo ngati mphatso, dziwani kuti idzabwera ndi mapu a ku Ulaya, ndipo a kuno mudzawafuna nokha, ngakhale kuti pa Garmin khomo loikira ena ndi lotseguka. Ndi bwino kuigula ku Johannesburg n'kufunsa momveka bwino za mapu amene alimo, ndipo powerengera mtengo musaiwale msonkho wolowetsera katundu m'dziko muno.

Pa za mvula, zūmo XT ili ndi muyezo wa IPX7, kutanthauza kuti imapirira kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo mvula ya mu January imene imatipeza pa Simon Mazorodze Road siinaichitepo kanthu. Sikirini yake imamva chala chovala golovesi ndipo imawerengeka dzuwa lili paliwombo. Batire yake ya m'kati imangokhala maola ochepa, choncho muyenera kuilumikiza ku magetsi a njinga. Apa pemphani makaniko wanu kuti atenge moto pa waya amene amazima mukachotsa kiyi, ndiponso kuti aikepo fyuzi, chifukwa kulumikiza mwachindunji ku batire kungathe kuifooketsa njinga ikakhala masiku ambiri osalizidwa.

TomTom Rider 550 ndinaiyesapo kwa sabata imodzi, yobwereka kwa mnzanga wa ku Chitungwiza. Ili ndi sikirini ya mainchesi 4.3, ndi yosavuta kuizolowera, ndipo mapu a mayiko osiyanasiyana amatsitsidwa pa Wi-Fi popanda kulipira china, zimene ndi zabwino ndithu. Koma imadalira mapu a kampani yake okha, ndipo pambuyo pa zimene ndinaona pa mphambano ija, chipangizo chimene sindingasinthe mapu ake sindingachikhulupirire pa ulendo wodutsa malire, ngakhale kuti pa sabata imeneyo sichinandilakwire chilichonse.

Beeline Moto ndi kachipangizo kakang'ono kozungulira, kokongola, kosonyeza muvi wa kumene muyenera kukhotera, koma nzeru zake zonse zili pa foni imene kalumikizidwa nayo kudzera pa Bluetooth, choncho foni ikazima nakonso kathera pomwepo. Chimodzimodzi masikirini otchipa a Android Auto ndi CarPlay amene adzaza m'masitolo masiku ano: amangoonetsa zimene zili pa foni, ndipo ubwino wawo ndi wakuti foniyo imakhala m'thumba motetezeka.

Tsopano tifike pa foni, chifukwa ambiri mwa ofunsa aja chimene amafuna kumva n'chakuti foni imene ali nayo kale ikukwanira. Kwa munthu amene amayenda m'tauni muno mokha, makamaka achinyamata operekera chakudya ndi maphukusi, ndikuvomereza kuti foni ndi imene imapambana zonse pa mapu. Harare akusintha msanga. Pamene panali raundabauti ya Mbudzi pano pali Trabablas Interchange, imene inatsegulidwa mu 2025, ndipo chipangizo cha mapu akale chimakuuzanibe kuti muzungulire pamalo amene palibenso chozungulira. Mayina a misewu nawo asintha: Enterprise Road, umene timatulukira popita ku Murehwa, Mutoko ndi Nyamapanda, unapatsidwa dzina la Emmerson Mnangagwa, ndipo Second Street anasanduka Sam Nujoma Street kalekale ngakhale kuti anthu ambiri amatchulabe dzina lakale. Google Maps amatsatira kusintha kotereku mofulumira, ndipo amadziwa masitolo ndi maofesi ndi mayina awo, zimene zimathandiza kasitomala akangotumiza malo ake pa WhatsApp. Nkhani ya bandulo nayo ili ndi yankho, chifukwa mungathe kutsitsiratu mapu a dera lanu pa Wi-Fi, ndipo mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amasunga dziko lonse m'foni n'kumagwira ntchito popanda intaneti. Zimenezi n'zofunika mukawoloka malire pa Nyamapanda n'kulowa ku Cuchamano, mbali ya Mozambique, pamene simu khadi ya kuno imasiya kukuthandizani mpaka mutagula ya Vodacom kapena Movitel.

Vuto la foni lili pa kulimba kwake, chifukwa siinapangidwire kukhala pa handulo. Mu 2021 kampani ya Apple inachenjeza poyera kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto zamphamvu kungawononge tizipangizo ta m'kamera timene timathandiza kuti chithunzi chisagwedezeke, ndipo makamera a mafoni ena ambiri odula amapangidwa mofananamo. N'chifukwa chake opanga zogwirira foni monga Quad Lock amagulitsa padera kachipangizo kochepetsa kunjenjemera, ndalama inanso imene munthu saiwerengera poyamba. Njinga zathu zambiri ndi za silinda imodzi, zimene zimanjenjemera kwambiri, ndipo maenje a m'misewu ya m'malokeshoni amawonjezera pamenepo. Kenako pali kutentha. M'chigwa cha Zambezi, m'miyezi ya October ndi November, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo foni imene ili padzuwa, ikutchajidwa, sikirini yake itawalitsidwa mpaka pamapeto, imadzithimitsa yokha kuti isapse. Ndinaona zimenezi pa foni ya mnzanga pakati pa Changara ndi Tete, pamalo opanda ngakhale mthunzi woti tiimepo. Mvula ikagwa, madontho amakhudza sikirini ngati zala n'kumatsegula zinthu zimene simunafune, ndipo kutchaja foni pa kabowo konyowa si chinthu chanzeru. Choposa zonsezi, foni ndi imene mumaimbira thandizo mukachita ngozi, ndiponso ndi mmene muli ndalama zanu za pa foni za EcoCash, choncho kuiika pamalo amene imayamba kusweka njinga ikagwa, kapena pamene wakuba angaitsomphole mutaima pa maloboti, n'kuika zinthu zambiri pachiswe nthawi imodzi.

Chimene ndimalangiza achinyamata oyenda m'tauni n'chakuti agule foni yakale yotchipa ya Android, aikemo mapu osafuna intaneti, aiike pa handulo, ndipo foni yawo yeniyeni ikhale m'thumba la jekete. Kuwononga madola mazanamazana pa Garmin pofuna kungoyenda pakati pa Mbare ndi Borrowdale n'kosafunika. Koma kwa amene amapita kumudzi pa njinga, makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Harare kukafika ku Blantyre, kudutsa maboda awiri ndi chigwa chotentha chija, ine ndimati Garmin zūmo, yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi mapu a mitundu iwiri pa microSD, ndipo foni ikhale yothandizira chabe. Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndaikondera, ndipo sindikukana, chifukwa yandifikitsa ku Thyolo maulendo anayi popanda kundisocheretsa.

Chilichonse chimene mungasankhe, musapereke ndalama musanachite izi pamaso pa wogulitsa: muzimitse Wi-Fi, mulembe dzina la msewu wa kwanu, kenako mupemphe njira yochokera ku Harare kupita ku Blantyre, ndipo muyang'anitsitse ngati mzere wake ukudutsa ku Nyamapanda, Tete, Zóbuè ndi Mwanza popanda kudukira pa malire.