Miyezi 8 ndikusanduka nyama ndi malamulo atsopano a Wild Shape

Gulu lathu la Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene aliyense amakhala munthu wa m'nkhani n'kumaponya dayisi, litasiya buku la malamulo la Player's Handbook ya 2014 n'kutenga yatsopano ija imene Wizards of the Coast anatulutsa mu Seputembala 2024, wodandaula kwambiri patebulo ndinali ine. Ndimasewera druid, wamatsenga wa zachilengedwe amene amasanduka nyama ndi mphamvu yotchedwa Wild Shape, wa gulu la Circle of the Moon lodziwika ndi kumenya nkhondo lili nyama, ndipo ndinkaona ngati andilanda chinthu changa. Tsopano papita miyezi 8 tikukumana Loweruka lililonse. Druid wanga wachoka pa level 3 wafika pa level 8, ndipo chimene chikundiwawa lero si chija ndinkalirira poyamba.

Poyambapo ndinkalirira HP, manambala a moyo amene amachepa ukavulazidwa. M'malamulo akale, ukasanduka nyama unkatenga moyo wake wonse. Pa level 2 pomwepo druid wa Moon ankatha kukhala chimbalangondo cha HP 34, adani akachimaliza iye n'kubwerera m'thupi lake, kenako n'kusandukanso kachiwiri. Ndiye kuti HP 68 yaulere, pamene fighter (msilikali) wokhala naye pafupi ali ndi 20 basi. M'buku latsopano HP imakhala yako yomwe ija. Amangokuwonjezera ya kanthawi yofanana ndi level yako, kapena kuwirikiza katatu ngati uli wa Moon. Tsiku loyamba ndinalemba 9 pamene kale ndinkalemba 34, ndipo mtima unandipweteka.

Koma titayamba kusewera, zinthu sizinaipe mmene ndinkaopera. AC, nambala imene mdani ayenera kufika ndi dayisi kuti akulase, ya druid wa Moon tsopano ndi 13 kuphatikiza bonasi ya Wisdom (nzeru), yanga inakwana 16, pamene chimbalangondo chakale chinali pa 11 ndipo mdani aliyense ankachilasa mosavuta. Komanso HP ya kanthawi ikatha subwerera kukhala munthu ayi. Umamenyabe uli nyama mpaka utakomoka, utasiya wekha, kapena maola atatha, amene akadali theka la level yako. Ndinamvetsa bwino zimenezi pankhondo ina ya pamlatho. Ndinali mmbulu wamkulu, nditatsala ndi HP 6 yangayanga, ndipo ndinayenera kusankha pakati pothawa ndi kuima kuti cleric (wansembe) wathu awoloke. Kale funso lotere silikanandivuta, chifukwa wofa akanakhala mmbulu, osati ine. Ndinaima, ndikuponya dayisi dzanja likunjenjemera, kenako ndinadzichiza ndi spell (matsenga) ya Cure Wounds ndili muubweya momwemo, pakuti ma spell a Circle of the Moon amaloledwa uli nyama. Ndipo mnzathu wosewera fighter, amene m'nkhani yathu yakale ankangobisala kumbuyo kwa chimbalangondo changa, wabwerera kutsogolo kumene kuli malo ake. Pa HP pokha ndagonja, anakonza bwino.

Za kuchuluka kwa masanduko sindinenapo zambiri. Mukapuma pang'ono amabwerera amodzi okha m'malo mwa onse awiri, koma pa level 5 umatha kuwotcha spell slot, mwayi umodzi wochita matsenga, kuti usandukenso, ndipo pa level 6 amakupatsa achitatu. Sindinasowepo.

Kulankhula uli nyama nakonso n'kwatsopano. Kangaude wanga akabwerako kokazonda amangofotokoza zimene waona, ndipo masewera amayenda msanga. Komabe ndimakumbukira masiku amene ndinkakanda pansi ndi kukoka chovala cha mnzanga ndi mano kuti azindikire kuti kutsogolo kuli msampha. Tebulo lonse linkatchera khutu.

Chimene chikundiwawa kwenikweni ndi mawu ochepa amene anachotsedwa. Lamulo lakale linkati usanduke nyama imene unaionapo. Chifukwa cha mawu amenewo, tikangofika dera latsopano ndinkafunsa DM wathu, wotsogolera nkhani, kuti kuno kumakhala nyama zanji. Tsiku lina ndinatha theka la masewera ndili m'mabango, kuyang'anitsitsa ng'ona mmene imamirira ndi mmene imadikirira, kuti ndidzathe kukhala iyoyo. Lamulo latsopano limati udziwe nyama 4 pa level 2, nyama 6 pa level 4, nyama 8 pa level 8, ndipo ukagona usiku wonse ungasinthe imodzi. Umangotsegula kumapeto kwa buku n'kusankha, mwinanso kutenga zomwe akulangiza: khoswe, hatchi, kangaude ndi mmbulu. Miyezi itatu yoyamba ndinkasankha poyang'ana manambala okha, ndipo ndinazindikira kuti ndasiya kufunsa za tchire. Druid amene safunsa za tchire ndi msilikali chabe wovala chikopa.

Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Kale tinkataya mphindi zambiri ine ndikutembenuza masamba a Monster Manual, buku la nyama ndi zilombo, anzanga akudikira. Ndiponso poyesa malamulowa mu 2023 okonzawo anafuna kuchotseratu nyama zenizeni, n'kusiya mitundu itatu yokha: ya pamtunda, ya m'madzi ndi ya mumlengalenga. Osewera anakana, ndiye zimene tili nazozi ndi zapakati. Pepala lokhala ndi nyama zokonzeratu limathandizadi, makamaka kwa amene akuyamba kumene.

Mwezi wachinayi tinagwirizana patebulo kuti chiwerengero chikhale cha buku latsopano, koma nyama yolowa pamndandanda ikhale imene druid wakumana nayo m'nkhani. Aliyense amene akusamukira ku buku la 2024 ndikumulangiza zomwezo. Pangano limeneli linandiyesa nditafika pa level 8, pamene kuuluka kumaloledwa. Ndinkadikira chiwombankhanga chachikulu, chimene buku lakale linapereka ngati chitsanzo pa level imeneyi, koma Monster Manual ya Febuluwale 2025 inachichotsa m'gulu la nyama n'kuchiika m'gulu la Celestial, zolengedwa zakumwamba zimene druid sangasanduke. Ndinakhumudwa sabata yathunthu. Loweruka lotsatira tinalowa m'phanga, DM ananena kuti kudenga kwalendewera mileme ikuluikulu, ndipo ndinapempha anzanga azimitse miyuni kuti ndikhale pansi ndiziimvetsera.