Kindle Paperwhite: pa nthano zazitali imakwanira, pa mabuku a mbiri ya moyo imaperewera

Kindle Paperwhite ndi chipangizo cha kampani ya Amazon chowerengerapo mabuku basi. Imene inatuluka mu 2024 ili ndi sikirini ya mainchesi 7, malo osungira mabuku a 16 GB, ndipo imalemera magalamu 211. Ku America inayamba kugulitsidwa pa madola 159.99. Kuno imabwera ndi achibale kapena ndi amalonda ooda katundu kunja, motero mtengo wake umakwera ndithu.

Pa nthano zazitali palibe chodandaula. Sikirini yake siwalira m'maso ngati ya foni. Zilembo zimakhala ngati za inki papepala, ndipo mukakhala pakhonde dzuwa lili paliwombo m'pamene zimaoneka bwino kwambiri. Usiku pali timagetsi ta m'mphepete towalitsa tsambalo, ndipo mukhoza kusintha kuwalako kukhala kwachikasu kuti maso asatope. Zilembo mumakulitsa mmene mukufunira, zimene zimathandiza akuluakulu amene anasiya kuwerenga chifukwa cha timalemba ting'onoting'ono. Mawu achingerezi akakuvutani, mumangowadina ndi chala kwa kamphindi, tanthauzo limatuluka pomwepo popanda intaneti. Mabuku ena ogula ku Amazon ali ndi X-Ray, imene imakukumbutsani kuti munthu amene watulukiranso pamutu 30 ndi ndani komanso anayamba kutchulidwa pati. Pa nthano ya mabanja atatu ndi mibadwo inayi, imeneyi ndi mpulumutsi.

Za batire muzimve bwino. Amazon imati imatha milungu 12, koma powerengera amatenga munthu wowerenga mphindi 30 patsiku, Wi-Fi yozimitsa, kuwala kwa sikirini kuli pa mlingo 13. Zonse pamodzi ndi maola 42. Amene amawerenga maola awiri patsiku ayembekezere milungu itatu, yomwe ndi yokwanirabe kumene magetsi amazimazima. M'bokosi mumangopezeka chingwe cha USB-C, mutu wa tchaja mulibe. Wa foni umagwira ntchito, ndipo wa 9W umadzaza batire m'maola awiri ndi theka.

Pa mabuku amene munthu amalemba za moyo wake, zinthu zimasintha. Mabuku otere kawirikawiri amakhala ndi masamba a zithunzi pakati: wolembayo ali mwana, nyumba imene anabadwira, kalata yochokera kundende, anzake a m'kalasi atandandalika mizere itatu. Paperwhite ilibe mitundu, imangosiyanitsa kuda ndi kuyera pa milingo 16. Chithunzi chakale chomwe chinali chozilala kale chimangosanduka chifunga, nkhope za mzere wakumbuyo osazindikirika. Mapu ndi ndandanda ya mtundu wa banja zimafinyidwa kuti zikwane pa mainchesi 7. Mukakulitsa ndi zala ziwiri, tsamba limaphethira n'kuchedwa, ndipo mumaona chidutswa chimodzi chokha panthawi. Mlozeramawu wa kumapeto nawo nthawi zina umatchula manambala a masamba a buku lapepala, amene sagwirizana ndi zimene muli nazo m'manja. Ndiye pali chizolowezi cha owerenga mabuku a mbiri chobwerera m'mbuyo kukaona chaka kapena dzina la mudzi. Papepala chala chimakumbukira malowo, pa Kindle mumachita kufufuza.

Amazon imalola kuyamba mwalawa buku kwaulere musanagule, koma chimene amakupatsani ndi chiyambi chokha, pamene zithunzi zili pakati. Simungadziwe mmene zikuonekera mpaka mutalipira. Chothandiza n'kuika pulogalamu ya Kindle pafoni, n'kumaonera zithunzi ndi mapu pamenepo, mawu n'kumawerengera pa Paperwhite. Buku limodzi logula limatseguka ponse pawiri.

Ntchito yeniyeni ili pa kulowetsa mabuku. Kugula ku Amazon kumafuna khadi ya kubanki yololedwa kulipira kunja, ndipo ndalama zakunja zikamavuta, khadi imakanidwa. Mabuku ena sagulitsidwa kwa munthu amene akaunti yake ili ndi adiresi ya kuno, chifukwa osindikiza amagawana ufulu wogulitsa potengera mayiko. Kubwereka mabuku a laibulale kudzera pa pulogalamu ya Libby kupita pa Kindle kumatheka ku America kokha. Kuyambira pa 26 February 2025, Amazon inachotsanso njira yokopera buku logula pakompyuta n'kulisamutsa ndi chingwe, choncho Wi-Fi ndi yofunika. Hotspot ya foni imakwanira, poti nthano yopanda zithunzi nthawi zambiri sifika ngakhale 5 MB. Bandulo siimva n'komwe.

Mabuku ochokera kwina, monga aulere a pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg omwe ndi opitirira 70,000, amalowa kudzera pa Send to Kindle, njira ya Amazon yotumizira mafailo ku Kindle. Kindle iliyonse yolembetsedwa imapatsidwa imelo yakeyake yothera ndi @kindle.com. Pitani pa akaunti yanu ya Amazon, pa Manage Your Content and Devices, muike imelo yanu pa mndandanda wa ololedwa kutumiza, kenako mutumize failo ya bukulo, ya mtundu wa EPUB, PDF kapena DOCX, ku imelo ya Kindle ija. Buku likapanda kufika, kawirikawiri zifukwa zimakhala zitatu: imelo yotumizira sinaloledwe, failo yapitirira 50 MB, kapena ndi ya mtundu wa MOBI umene Amazon inasiya kulandira. Failo yaikulu mpaka 200 MB imadutsa pa tsamba la Send to Kindle la pa intaneti. Ambiri amalakwitsa poponya EPUB m'chipangizocho ndi chingwe. Siioneka, chifukwa Kindle payokha siwerenga EPUB. Yambani mwaisandutsa AZW3, mtundu wa failo umene Kindle imawerenga, ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta ya Calibre. Ndipo musalowetse mabuku mazanamazana tsiku limodzi. Kindle imayamba kusanthula mawu a buku lililonse kuti muzitha kufufuza, batire n'kutsika ngati yaonongeka. Ikani ochepaochepa, ili pa tchaja.

PDF ya masamba ojambulidwa ndi foni kapena sikana musaiyembekezere zambiri. Zilembo sizikulitsika, mumangokoka tsamba uku ndi uku mpaka kugwa ulesi.

Apa m'pamene wowerenga Chichewa amagwiritsidwa mwala. Nthano za Chichewa zimene anthu anakula nazo kusukulu, zambiri sizinaikidwepo m'sitolo ya Kindle, ndipo chipangizochi chilibe mtanthauziramawu wa Chichewa. Mabuku a mbiri osindikizidwa ku Zomba, ku Balaka kapena ku Mzuzu mudzawapeza msanga m'sitolo ya mabuku kapena ku National Library Service kusiyana ndi pa Amazon. Komanso buku lapepala limayenda: lichoka kwa mphunzitsi, lipita kwa mlamu wake, libwerako chikuto chitamatidwa ndi selotepi. La pa Kindle limamangiriridwa ku akaunti yanu, simungaligulitse mukamaliza.

Wogula yakaunjika aonetsetse zinthu zingapo asanapereke ndalama. Ya 2021 ili ndi sikirini ya mainchesi 6.8 ndi USB-C, ndipo powerenga nthano sisiyana kwenikweni ndi ya 2024. Ya 2018 ndi ya mainchesi 6, imatchajidwa ndi micro-USB. Zonsezi zimapirira madzi, mpaka mamita awiri kwa mphindi 60 m'madzi opanda mchere, koma Paperwhite zakale kuposa 2018 sizipirira. Tsegulani tsamba loyera, mukweze kuwala mpaka kumapeto, muone ngati pali timadontho towala kapena mzere wosasuntha. Sikirini yotere sichira. Kenako ilembetseni pa akaunti yanu wogulitsayo ali pompo, pogwiritsa ntchito hotspot yanu. Kindle imene mwini wake anakanena kuti inabedwa kapena inasowa, Amazon imaitseka potengera nambala yake, ndipo imakana kulembetsedwa ngakhale mutaifufuta zonse n'kuyambanso.