Squier, Epiphone kapena Pacifica: mugule iti mitengo itapenga chonchi?

Amene mwafunsako mtengo wa gitala yamagetsi posachedwapa mukudziwa kuti munthu umabwerako mutu uli waukulu. Kunja komweko mitengo inayamba kukwera nthawi ya Covid-19, anthu atabindikira m'nyumba n'kumagula magitala ngati zitumbuwa, uku mtengo wonyamulira katundu panyanja utakwera. Kwathu kuno kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe magitala amenewa timachita kuitanitsa kunja. Ndiye magitala odula opangidwa ku America, Fender ya mumzinda wa Corona kapena Gibson ya ku Nashville, tiziiwale kaye. Kwa ambirife mpikisano uli pakati pa magitala atatu: Squier, Epiphone ndi Yamaha Pacifica.

Squier ndi mwana wa Fender, ndipo Stratocaster yake imalira mokoma, mawu owala, nsambo iliyonse kumveka payokha. Woimba sungura, rumba kapena nyimbo zachitsitsimutso amakhala wafika kwawo. Vuto lake ndi ma pickup, tizipangizo ta pansi pa nsambo totola mawu kupita ku amplifaya: ake ndi a single coil, a koyilo imodzi ya waya. Amakoka phokoso la magetsi, makamaka m'matchalitchi momwe mawaya anangolumikizidwa mwachisawawa. Abusa akuti tipemphere, onse atseka maso, amplifaya ili mmmm pakona. Onetsetsaninso kuti ndi Squier iti, chifukwa Sonic, Affinity ndi Classic Vibe zimasiyana kutali, mtengo ndi kapangidwe komwe. Wogulitsa akangoti "ndi Fender imeneyi bwana", werengani nokha pamutu pake.

Epiphone ili m'manja mwa Gibson kuyambira 1957. Les Paul yake ili ndi ma humbucker awiri, ma pickup a makoyilo awiriawiri, motero phokoso lija palibe, mawu ndi onenepa, oyenera rock ndi blues. Nsambo zake n'zofupikirapo, mainchesi 24.75 pomwe za Squier ndi 25.5, ndiye zala sizivutika kwambiri. Koma kulemera! Imani nayo maola anayi paukwati, phewa lidzakuuzani mawa lake.

Chimene chinandichotsa mtima pa Les Paul n'china. Pa ma Les Paul ambiri khosi lake amachita kulimata ndi guluu, ndipo mutu wake unapendekera kumbuyo. Mnzanga wa m'bandi anaitanitsa yake ku Joni, inabwera pa basi m'katoni, pansi pa zikwama za anthu. Titatsegula pa depoti tinapeza mutu uli lende, ukungogwiridwa ndi nsambo. Kalipentala anayesetsa kumata, koma mpaka lero nsambo yachitatu siikhazikika. Squier ndi Yamaha khosi lake ndi la masikuluwu anayi. Mukhoza kulimasula, kulikulunga m'bulangete, n'kudzalimanganso mutafika ku Blantyre.

Ine ndalama yanga ndingaiponye pa Yamaha Pacifica 112V. Ili ndi single coil ziwiri ndi humbucker imodzi kumunsi, ndiye mumayamba ndi mawu owala aja, phokoso likachuluka n'kuthawira ku humbucker. Mukakoka kabatani ka tone, humbucker ija imasanduka single coil. Thupi lake ndi la mtengo wa alder, womwenso Fender amagwiritsa ntchito pa magitala ake odula. Zomwe ndagwirapo ine zinali zosalala m'mphepete mwa khosi, zosacheka zala. Musaisokoneze ndi Pacifica 012, yomwe ndi yotsikirapo. Pamene Yamaha imagonja ndi pa dzina basi: tsiku lodzagulitsa, achinyamata amathamangira yofanana ndi imene amaiona pa YouTube, ndipo Squier imayenda msanga.

Palinso njira ya kaunjika. Pacifica kapena Classic Vibe yogwirapo kale ntchito imaposa gitala yatsopano yopanda dzina, zonyezimira zija zomwe zimasokonekera chuni nyimbo isanathe. Koma pa Facebook padzaza ma Gibson ndi ma Fender abodza, choncho musatumize ndalama musanaigwire. Iyang'aneni kuchokera kumutu ngati mukuwongola mfuti kuti muone ngati khosi linapindika, dinani nsambo iliyonse mpaka kumunsi, mulumikize ku amplifaya n'kugwedeza chingwe polowera pake. Ikamathetheka, mtengo utsike. Ndipo powerengera ndalama musaiwale amplifaya, chingwe ndi mapaketi awiri a nsambo, chifukwa kansambo kakang'ono kaja kamakonda kuduka Loweruka madzulo, mashopu atatseka.